Loko ya Ba Daka

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970

Za ubwana wanga ku Katete ndizilumpha, ana anga, popeza munazimva kale kwa azakhali anu ndipo iwo amazithira mchere kuposa ine. Ndiyambira tsiku limene ndinatsika basi pa Kafue ndili ndi satifiketi ya zamagetsi m'thumba, nsapato zobwereka kumapazi, ndi matama a munthu amene sanagwidwepo ndi magetsi. Ndinalembedwa ntchito pafakitale ina, m'gulu la amagetsi, ndipo amene anandilandira anali kapitawo wa gululo, Ba Daka. Inu mumawakumbukira ngati nkhalamba imene inangosiya kubwera kwathu, ndipo palibe anakuuzani chifukwa chake. Sindikulemba izi kuti ndilape. Ndikungofuna muzimve kwa ine mwini, musadzazimve kwa anthu a pamsika.

Ba Daka anali Mnsenga wa ku Petauke, wamfupi, wosaseka wamba, wovala dasikoti yoyera imene girisi ankaiopa. Zala zawo zinali zonenepa ngati chinangwa, moti ukaziona unkati munthuyu ndi wa khasu, koma zikagwira waya zinkadekha mochititsa nsanje. Tsiku loyamba sanandifunse za satifiketi yanga. Anatsegula kabati, natulutsa loko yamkuwa ndi kiyi yake, nandiika m'manja.

"Iwe Mbewe, iyi ni loko yako," anatero. "Ukazimya swichi ya makina yamene ufuna kugwira, ukoloweka loko, kiyi mu thumba. Kulibe munthu azachosa loko yako. Kapena manijala, kapena ine, kapena amai ako. Naiwe osagwirako loko ya munzako. Wamvera?"

Ndinati ndamva, koma ndinamvera m'khutu limodzi. Patapita miyezi ingapo, m'mawa wina tinapeza mzere wonse wa makina uli zii chifukwa pa swichi yaikulu panali loko ya mnzathu wa shifiti yapita. Aliyense ankadziwa kuti mwiniwake wangoiwala n'kupita kunyumba ndi kiyi. Mabwana ankakalipa kuti ntchito yaima, ndipo ine, pofuna kuoneka wachangu, ndinathamanga kukatenga sowo yodulira zitsulo. Ba Daka anandilanda sowoyo pamaso pa anthu onse. "Wamuona na maso yako kuti ali ku nyumba?" anandifunsa. "Ngati ali mukati mwa makina, uzakamuuza chani mukazi wake?" Anatumiza galimoto ku Nangongwe, kumene mwini loko ankakhala, munthu uja anabwera tulo tili m'maso, nachotsa yekha loko yake. Ine ndinatha sabata ndikusesa woshopu. Ndinagwira ntchito pansi pa Ba Daka zaka zambiri pambuyo pake, ndipo ndi iwo amene anakandiimira ngati nkhoswe pamene ndinkakwatira amayi anu.

Zaka za m'ma 1990

Mafakitale a Kafue sanafe tsiku limodzi. Anayamba ndi kusowa sipeya. Mota ikapsa tinkachotsa zamkati mwa ina yakufa kale n'kuikamo, mpaka kuseri kwa woshopu kunadzaza mafupa a makina. Kenako malipiro anayamba kuchedwa, shifiti zinachepa, ndipo pamapeto pake mayina athu anatuluka pa gulu la odulidwa ntchito, langa ndi la Ba Daka tsiku limodzi. Amuna amene ankayenda mutu uli m'mwamba ndi maovololo a kampani anayamba kuoneka m'mawa pamalo omwera kachasu. Ena anabwerera kumudzi kumene anachokako ali anyamata, kukaphunzira khasu ali ndi imvi. Maliro anachuluka m'Kafue zaka zimenezo, ndipo sindikufuna kuwawerenga.

Ba Daka ndi amene anandipeza nditakhala pakhonde. "Uzankala apa mpaka liti monga mwana wosiyidwa? Tiye tikakonze mawailesi," anatero. Tinapeza kashopu ka malata pamsika wa Nangongwe, pakati pa wometa tsitsi ndi mayi wogulitsa kapenta. Tinakhoma benchi imodzi yaitali yokhala ndi madilowa awiri, yawo kumanja, yanga kumanzere. Tsiku lotsegulira anatulutsa m'thumba loko yawo yakufakitale, nandifunsa ngati yanga ndikali nayo. Ndinali nayo. Lamulo linakhala lomwe lija: amene watsegula chinthu cha kasitomala ndiye mwini ntchitoyo mpaka atatseka, ndipo akachoka asanamalize amachiika m'dilowa mwake n'kukhoma. Mnzake sagwirako, sasuzumira, sapereka nzeru asanafunsidwe. Ndinaseka, ndikuti wailesi ya mabatire singaphe munthu. Iwo sanaseke.

Tinakonza mawailesi, ma TV, masimbi ositira ndi mafani. Mtovu wowotcherera ukasowa tinkausungunula pa mabolodi akale a m'kati mwa mawailesi. Magetsi akazima tinkatenthetsa chitsulo chowotcherera pa mbaula ya mayi wa kapenta, ndipo mawailesi ena ankabwerera kwa eni ake akununkha nsomba. Sizinatilemeretse, koma nshima sinasowe m'nyumba ziwiri. Chimene ndinaona zaka zimenezo n'chakuti benchi ija inali zonse zimene Ba Daka anatsala nazo. Ana awo aamuna awiri anawaika m'manda, ukapitawo unatha, nyumba ya kampani ku Estates inkadontha. Koma m'mawa uliwonse ankafika ndi dasikoti yosita, ndipo akakhala pampando wawo ankabwerera kukhala munthu amene ndinamudziwa.

Zaka za m'ma 2000, chiyambi cha magemu

Gemu yoyamba inabwera ndi dalaivala wa minibasi. Mchimwene wake anamutumizira kuchokera kunja kabokosi kakuda kolumikiza ku TV, kamene umaikamo disiki n'kumasewera mpira kapena nkhonya ndi zala. Vuto lake linali lakuti madisiki enieni anali odula moti munthu wa Kafue sakanawagula, pamene okopera ankapezeka m'misika ya ku Lusaka pamtengo wa buledi. Koma kabokosiko anakapanga kochenjera. Ukaikamo disiki yokopera kankaizindikira n'kuikana. Dalaivala uja anamva kuti ku Lusaka kuli anthu amene amaika kachipu mkati, kamene kamanamiza gemu kuti disiki iliyonse ndi yeniyeni, ndipo anatifunsa ngati tingathe. Ine ndinati sitikonza zidole. Ba Daka anatembenuza kabokosiko uku ndi uku n'kuuza dalaivala uja kuti atisiyire.

Ndinakwera minibasi kupita ku Lusaka, ndinapeza wamalonda wina wogulitsa machipu, ndipo anandipatsanso chithunzi cha bolodi chosonyeza pamene waya aliyense amalowa. Nditachiona mtima unagwa. Kachipuko n'kakang'ono ngati chikhadabo, ndipo pamafunika kuwotcherera tiwaya tambiri toonda ngati tsitsi, tina pa timiyendo ta zida za pabolodi timene tayandikana moti pakati pake sipalowa nsonga ya singano. Mtovu ukangodontha n'kulumikiza timiyendo tiwiri, kapena chitsulo chikakhalitsa n'kumatula kanjira ka mkuwa, gemu yafa ndipo siukanso. Ife tinali anthu a mawaya onenepa ngati dzanja la mwana. Ba Daka anapala nsonga ya chitsulo chawo ndi fayilo mpaka inasongoka, anamangirira galasi lokulitsa pa waya wa hang'ala, anasenda tiwaya m'chingwe chakale cha kompyuta, nakhala pa ntchitoyo tsiku lathunthu osadya. Titaika disiki yokopera, TV inaonetsa bwalo la mpira, wometa tsitsi anakuwa ngati wagoletsa ndi iye. Ba Daka anangoti, "Kuona maso a nkhono n'kudekha," n'kuyamba kumanga masikuluwu.

Mbiri inayenda. Magemu anayamba kubwera kuchokera ku Estates, ku Chirundu, ngakhale ku Mazabuka. Gemu yoikidwa kachipu inkachita zimene opanga ake sanailole: inkasewera madisiki okopera, inkaonetsa mafilimu, inkalandira timasewero takale ndi mapulogalamu opangidwa ndi anthu wamba, ndipo zithunzi zimene pa TV zathu zinkatuluka zakuda ndi zoyera zinkabwera ndi mitundu yake. Makasitomala athu enieni sanali ana a anthu olemera. Anali anthu otsegula timashopu tamagemu, TV imodzi ndi benchi, kumene achinyamata ankalipira kuti asewere. Amayi anu ankati ndikudyetsa banja ndi chinyengo, ndipo abusa a kutchalitchi kwawo analalikirapo kuti m'timabokosi timeneti mumakhala ziwanda. Ndinawayankha kuti ndatsegula tambirimbiri ndipo ndapezamo fumbi ndi mphemvu zokha. Apolisi ankabwera nthawi zina kudzalanda madisiki pamsika, ife n'kubisa machipu m'chitini cha shuga. Sindinkanyadira mbali imeneyo ya ntchito, koma sukulu yanu inalipiridwa ndi tiwaya timeneto.

Inenso ndinaphunzira, koma dzanja la Ba Daka linali lina. Ntchito yanga inkagwira, yawo inkakongola. Anthu ankafika n'kunena kuti, "Nifuna ba mudala ndiye banichitire," ine ndili pompo. Zinkandiwawa pang'ono, sindikana, koma ndinkakondwa kuona munthu wokalamba akufunidwanso.

Chaka chimene dzanja linayamba

Ndinayamba kuona pa kapu ya tiyi. Ba Daka ankaigwira ndi manja awiri ngakhale kunja kukutentha. Kenako ndinaona kuti akakhala chete, chala chachikulu cha kumanja chinkasisita chinzake chokha, ngati munthu akukulunga fodya. Akazindikira kuti ndikuyang'ana ankaika dzanjalo m'thumba la dasikoti. Mwana wawo wamkazi anawatengera kuchipatala, anapatsidwa mapiritsi, ndipo anauzidwa kuti matendawa satha, amangochedwetsedwa. Anawatengeranso ku mapemphero a tchalitchi chake cha Pentekoste, kumene anawadzoza mafuta m'manja n'kulamula kunjenjemerako kuti kuchoke. Anabwerako ndi mawu osasa ndi dzanja lomwe lija.

Gemu yoyamba kufera m'manja mwawo inali ya mphunzitsi wina. Ba Daka anati bolodi linali lovunda kale. Ine ndinavomera, ngakhale kuti lamulo lathu silinandilole kuliona. Yachiwiri inali ya mwini shopu ya magemu pafupi ndi siteshoni, ndipo ameneyo anatitukwana msika wonse ukumva. Zonse ziwiri tinagula zina n'kubweza, ndipo mwezi umenewo munadya nyemba mpaka munadana nazo. Ndinayesa njira za munthu wamantha. Ndinkafika m'mamawa kuti magemu ndiwalandire ine, iwo ndiwasiyire mafani ndi masimbi. Ndinkauza makasitomala kuti abwere nthawi imene ndinkadziwa kuti iwo apita kukadya. Anaona zonsezo, popeza anali wodwala dzanja, osati mutu.

"Mbewe, waniyesa mwana?" anandifunsa tsiku lina. "Mafani yonse ya mu Kafue yabwera kuli ine. Uganiza siniona?"

"Iyayi bakamba, ni maso yanu chabe nifuna yapumuleko."

"Maso yanga yali che bwino. Kamba vamene ufuna kukamba."

Munthu amene anakuphunzitsa kugwira pulayazi, amene anakuimira paukwati, umayamba bwanji kumuuza kuti watha? Ndinkadziwa kuti tsiku limene adzachoke pa benchi ija adzakhala atayamba ulendo wa kumanda. Ndinangoti palibe, n'kuweramira ntchito yanga. Amayi anu anandichenjeza kuti zengerezu adalinda kwawukwawu, ine ndinawakalipira kuti za kumsika azisiye.

Nyengo yotentha ya chaka chotsatira

Amake Mutinta anali mayi wamasiye wa ku Estates. Mwamuna wake, amene ndinkamudziwa kufakitale, anamusiyira ana anayi, ndipo abale a mwamunayo atatenga zimene anatenga, iye anagulitsa makina ake osokera n'kugula gemu imodzi yatsopano, yamtundu wopyapyala umene unali utangofika, kuti atsegule kashopu pakhonde pake. Magemu opyapyalawo anali ovuta kuposa akale, chifukwa zonse mkatimo anazipanikiza. Anabwera nayo tsiku limene ine ndinapita ku Lusaka kukagula machipu. Nditabwerako madzulo ndinapeza Ba Daka ataitsegula kale.

Ndinaima kumbuyo kwawo, chinthu chimene lamulo lathu linkaletsa. Tiwaya tingapo tinali titalowa, koma mokhota, ndipo pa timiyendo tiwiri panali dontho la mtovu lonenepa ngati njere ya mapira. Nsonga ya chitsulo inkavina pamwamba pa bolodi. Anagwira dzanja lamanja ndi lamanzere, nsongayo inatsika, inaphonya, inakhudza pena. Thukuta linkadontha pa galasi. Ndinati, "Bakamba, lekani nikuthandizeniko." Sanatembenuke. Anazimitsa chitsulo, anaika gemu m'dilowa mwawo, anakhoma loko, nati mawa adzamaliza kukazizira.

Mawa lake sanabwere, popeza dzanja linavuta. Amene anabwera anali Amake Mutinta, mwana wamng'ono ali kumbuyo. Anakhala pa kabenchi ka makasitomala, nandiuza kuti TV anabwereka kale, mabenchi anakhomeredwa kale, ndipo kunyumba kwatsala ufa wa m'kabeseni. "Ba Mbewe, ija gemu ndiye munda wanga," anatero. "Banthu bakamba ati ba mudala bayamba kupaya magemu. Ni zoona?" Ndinamuuza kuti anthu amakamba zambiri. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ikafa, nilibe vina vogulisa." Ndinkadziwa kuti ifenso sitikanatha kugula ina, popeza ziwiri zija zinatisiya opanda kanthu. Ndinkadziwanso zimene ndinaona pabolodi lija. Linali lisanafe, koma chitsulo chija chikanaligunda kamodzi kapena kawiri, basi.

Tsiku lotsatira Ba Daka anafika dzuwa litakwera, dasikoti yosita monga mwa masiku onse. Amake Mutinta anali atakhala kale pamalo pake. Ba Daka anapereka moni, anakhala pansi, natulutsa kiyi. Ana anga, ndaona anthu atapsa ndi magetsi, koma chimene sindichiiwala ndi kiyi imene ija ikugogoda mozungulira kabowo ka loko osalowa. Inkangolira kuti ke ke ke pa mkuwa. Anayesa ndi manja awiri. Anayesa atatsamiritsa chigongono pa bondo. Wometa tsitsi anazimitsa makina ake.

"Nipaseni kiyi, bakamba," ndinatero.

"Iyi nchito ni yanga. Nimwe tiyi, dzanja izankala pansi."

"Siizankala pansi. Mwaziba naimwe. Nipaseni kiyi nimalize ine."

"Mbewe," anatero motsitsa mawu, "loko ni ya ndani?"

"Ni yanu. Koma gemu ni ya uyu mai."

Anabweza kiyi m'thumba n'kupinda manja. Ndinadikira kuti mwina atulutsanso. Ndinayang'ana mayi uja, iye ankayang'ana pansi, mwana akuyamwa chala kumbuyo kwake. Ndiye ndinatambasula dzanja pakhoma n'kutsitsa sowo yodulira zitsulo. Ndikanatha kuchita zimenezi dzulo lake iwo kulibe, ndipo ndinaganizapo, koma ndinaona kuti kuba ntchito ya munthu mobisa n'koipa kuposa kumulanda akuona. Ndinagwada pafupi ndi mawondo awo n'kuyamba kudula.

Maloko akufakitale sanali a masewera. Sowo inkaterereka, inkalira, ndipo anthu anayamba kusonkhana pakhomo pa shopu. Ndinkayembekeza kuti andimenya kapena andilanda sowo ngati kale, ndipo mwina zikanandipepukira. Iwo anangokhala, dzanja likugunda pa ntchafu. Nditafika pakati anati, "Ukankha maningi. Leka sowo idye yeka, uzathyola tsamba." Ndinachepetsa mphamvu monga ananenera, ndipo misozi inandilepheretsa kuona pamene ndikudula. Loko itagwa pansi, Ba Daka anaimirira, anavula dasikoti, anaipinda bwinobwino n'kuikwapatira. Anatsanzikana ndi Amake Mutinta mwaulemu, anatsanzikana ndi wometa tsitsi ndi mayi wa kapenta. Ine anandidutsa ngati mtengo.

Gemu ija inanditengera tsiku lonse. Ndinayamwa dontho lija ndi waya wamkuwa, ndinachotsa tiwaya tonse n'kuyambiranso, ndipo kanjira kamodzi kamene kanali katamatuka ndinakalumphitsa ndi kawaya. Dzuwa likupendeka TV inaonetsa chithunzi. Amake Mutinta anagwada kuthokoza, ine ndinamuuza kuti anyamuke azipita, chifukwa sindinkafuna kuthokozedwa ndi munthu tsiku limenelo. Kashopu kake kanayenda, ndipo ana ake anakula. Mukandifunsa ngati ndingadulenso loko ija, yankho ndi lakuti inde. Koma musaganize kuti kukhoza kumachotsa ululu.

Zaka ziwiri zomaliza

Ba Daka sanapondenso pamsika. Ndinapita kunyumba kwawo Lamlungu lotsatira, akazi awo anandiuza pakhomo kuti agona. Ndinapitanso, anati apita kuchipatala, pamene nsapato zawo zinali pakhonde. Gawo lawo la zimene shopu inkapeza ndinkalipereka kwa mwana wawo wamkazi, ndipo tinagwirizana kuti asawauze kumene likuchokera. Mpando wawo sindinalole munthu kukhalapo. Chodabwitsa n'chakuti makasitomala a ku Estates sanasiye kubwera. Ankafika ndi mawailesi ndi magemu n'kunena kuti, "Batituma ba Daka, ati pitani kuli Mbewe." Ndinkafunsa ngati anenanso china. Panalibe china.

Kenako ntchito yathu inasintha pamaso panga. Wamalonda uja wa ku Lusaka anandionetsa njira yatsopano imene anthu akunja anatulukira. Gemu sunkaitsegulanso. Unkangokopera kapulogalamu pa kakhadi kosungira masewero, n'kukabaya kutsogolo kwa gemu, n'kudina mabatani angapo, basi yatseguka. Panalibe chitsulo, panalibe mtovu, panalibe tiwaya. Ndinakhala m'minibasi yobwerera ku Kafue mtima ukuwawa, ndikuganiza kuti nzeru imeneyi ikanafulumira pang'ono, sowo ija ikanakhalabe pakhoma. Koma ndinakondwanso, chifukwa ndinaona kuti ndapeza njira yowabwezera pa benchi. Ndinatsikira ku Estates osapita kunyumba.

Ndinawapeza panja, atakhala pampando pansi pa mtengo wa mango, moti akazi awo analibe mpata wondibweza. Anali ataonda, ndipo tsopano manja onse awiri ankanjenjemera, mutu nawonso pang'ono. Pafupi nawo panali kampando kopanda munthu. Sanandilozere kuti ndikhalepo, choncho ndinaima. Ndinatulutsa kakhadi kaja n'kuwafotokozera zonse, mofulumira ngati mwana wobwera ndi lipoti labwino. Ndinati mpando wawo ulipo, anthu amawafunsa, ndipo ntchito yatsopanoyi angaigwire atakhala phee. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Ija gemu ya mai wamasiye, inagwira?" anafunsa.

"Inagwira, bakamba."

"Sembe ninagwirako ine?"

Ankafunsa chimene chikanachitika akanaigwiranso iwo. Ndinafuna kunama, koma anali akundiyang'ana. "Sembe inafa," ndinatero.

Anagwedeza mutu. "Ninaziba. Unachita bwino." Kenako analoza kakhadi kaja ndi chibwano. "Manje aka, ukamba ati sikafuna manja?"

"Sikafuna. Aliyense angachite."

"Aliyense," anabwereza. Anayang'ana manja awo pa ntchafu. "Ndiye wabwera kuniitana chifukwa wapeza nchito yamene aliyense angachite."

Ndinabwera ndi mphatso, ndipo ndinaimva ikusanduka chitonzo m'manja mwanga. Ndinayesa kunena kuti sindikutanthauza choncho, iwo anandidula modekha, opanda ukali uliwonse. "Yenda, Mbewe. Shopu siyenera kunkala yotseka masana. Banthu nizapitiliza kukutumira."

Anasunga mawu awo. Anthu anapitiriza kubwera m'dzina lawo mpaka mvula ya chaka chotsatira, pamene anamwalira. Pamaliro akazi awo anandiuza kuti sanandinenerepo choipa ngakhale kamodzi, ndipo mlendo aliyense ankamuuza kuti m'Kafue monse waluso amene watsala ndi Mbewe. Ndinagwira nawo bokosi, ndinathira dothi, ndinalira pamaso pa anthu osachita manyazi. Munthu amene uja anandipatsa ntchito, anandipatsa makasitomala, anandipatsa ngakhale mawu akuti ndinachita bwino. Koma kuchokera tsiku la sowo mpaka kumanda, pakhomo pake sanandipatsenso mpando.